Mapanga Awiri ndi Maola Anayi



Nkhani iyi tikulemba awiri, bambo ndi mayi a nyumba imodzi, tili mumzinda wa Leicester. Tagwirizana kuti tisatchule mayina ndipo tizingoti "ife", chifukwa cholakwa chimene tikufuna kukuuzanichi, ngakhale chinalembedwa pa payslip ya munthu mmodzi, tinachipangana tonse awiri tikudya daku. Papita chaka tsopano. Ramadhan yafikanso, mafoni a kumudzi ayambanso kulira, ndipo tikudziwa kuti ena mwa inu amene muli pa visa ngati yathu mwaima pamene tinaima ife.

Amene anatsogola kubwera kuno ndi mayi, mu 2023, pa visa ya Health and Care Worker, yomwe ndi nthambi ya Skilled Worker visa. Boma la Britain linali litatsegulira khomo osamalira okalamba ochokera kunja mu February 2022, ndipo ambiri a ife tinalowera pamenepo. Bambo ndi ana awiri anatsatira chakumapeto kwa chaka chomwecho. Alhamdulillah tinafulumira, chifukwa kuyambira pa 11 March 2024, tsiku limene Asilamu ambiri kuno anayamba kusala chaka chimenecho, osamalira okalamba obwera kumene analetsedwa kubweretsa mabanja awo.

Kwa amene muli kumudzi, tifotokoze pang'ono za visa imeneyi. Siimpatsa munthu ufulu wogwira ntchito paliponse pamene wafuna. Imamumangirira kwa bwana mmodzi, amene amatchedwa sponsor. Bwanayo amatulutsa chikalata chotchedwa Certificate of Sponsorship, mwachidule CoS, ndipo m'menemo mumalembedwa mtundu wa ntchito, nambala yake, maola a pa sabata ndi malipiro. Mavisa a bambo ndi ana ndi nthambi chabe, tsinde lake ndi visa ya mayi. Tsinde likadulidwa, nthambi sizifunsidwa maganizo. Chodabwitsa n'chakuti bambo, amene anabwera ngati wotsatira, akhoza kugwira pafupifupi ntchito iliyonse kwa maola aliwonse, pomwe mayi amene anasenza banja lonse ndi amene ali womangika.

Pa CoS yathu panalembedwa maola 39 pa sabata. Ntchito yake ndi yoyenda khomo ndi khomo: kudzutsa agogo, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwakonzera tiyi, kenako kuthamangira basi kupita kwa ena. Miyezi yoyamba maola ankakwana. Kenako rota inayamba kuonda. Sabata ina 30, ina 26, ndipo malipiro ankatsatira maola a pa rota. Mwina mufunsa kuti bwanji sitinakadandaule, popeza bwana amayenera kulipira zimene analemba pa CoS. Yankho lake ndi mantha. Boma lenilenilo linalengeza kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda ziphaso zoposa 470 kwa makampani osamalira anthu, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Bwana akalandidwa chiphaso, wantchito amapatsidwa masiku 60 kuti apeze sponsor wina, apo ayi azinyamuka. Ndiye munthu umaona kuti ukamuneneza bwana ukugwetsa denga limene iwe mwini wabisalamo. Tinakhala chete.

M'malo modandaula tinafuna ntchito yachiwiri, ndipo pamenepa sitinalakwe kanthu. Lamulo limalola. Munthu wa Skilled Worker visa akhoza kugwira ntchito ina yowonjezera kwa bwana wina, bola isapitirire maola 20 pa sabata, ikhale kunja kwa maola a sponsor, ikhale ya mtundu wololedwa, ndipo iye apitirize kugwira ntchito imene anabwerera. Tinapeza malo pa nyumba ina yosungira okalamba imene inkasowa anthu a usiku. Anatifunsa share code, tinapereka, anaona kuti zonse zili bwino. Mayi anayamba kugwira usiku umodzi pa sabata, Lachisanu kuyambira 8 koloko usiku mpaka 8 koloko m'mawa. Maola 12. Kwa miyezi ingapo zinayenda choncho, ndipo tinkagona mtima uli m'malo.

Kenako inafika Ramadhan ya 2025, kumayambiriro kwa March. Inu a kumudzi mukukumbukira mmene zinalili. Chilala cha 2024 chinapsereza minda mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. March ndi mwezi umene nkhokwe imakhala itauma koma chimanga cha m'munda chisanakhwime. Kwacha inali itagwetsedwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zinthu sinabwererenso. Amayi athu ku Machinga sapempha. Ukawafunsa kuti mwamasulira chiyani lero, amangoseka n'kunena kuti, "Madzi alipo, mwanangu, ndi kaphala." Mawu amenewo amapweteka kuposa pempho. Achimwene ndiwo ankanena mosabisa pa WhatsApp: ufa watha, ana akufuna zovala za Eid, ndipo amalume akukumbutsa za ngongole ya matikiti a ndege. Kuno nako ntchito za bambo za m'ma warehouse a m'mbali mwa msewu wa M1 zinali zitachepa, monga zimachitira Khrisimasi ikadutsa. Lendi ndi council tax sizidziwa kuti munthu akusala.

Sabata yomweyo woyang'anira pa nyumba ya okalamba ija anaimba foni. Wantchito wina wadwala, kodi mayi angatengenso usiku wa Lachiwiri?

Masamu ake ngosavuta, ngakhale mwana wa Sitandade 2 akhoza kuwerengera. Maola 12 kuphatikiza 12 ndi 24. Malire ndi 20. Vuto la ntchito yathuyi lili pamenepo: shifiti imodzi imakusiyira maola asanu ndi atatu osagwiritsa ntchito, koma ziwiri zimakudumphitsa mpanda ndi maola anayi. Tinakhala patebulo cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ana ali m'tulo, futali wa mbatata akuzizira m'mbale.

"Bambo, ndiwayankhe chiyani anthuwa?"

"Inu mukuona bwanji, mayi? Thupi lilola?"

"Thupi si nkhani. Nkhani ndi maola aja."

"Maola anayi okha. Ndi za mwezi uno basi, Eid ikadutsa tisiya."

Onani mmene tinayankhulira. Palibe amene ananena kuti tiyeni tiphwanye lamulo. Aliyense ankangokankhira mnzake chitseko kuti chitseguke chokha. Ndipo munthu akafuna chinthu sasowa mboni. Mlongo wina wa kuntchito anati osamalira okalamba alibe malire a maola. Zimenezo zinali zoona pa kanthawi kochepa, pamene boma linachotsa malirewo kwa antchito a zaumoyo, koma mwayiwo unatha pa 27 August 2023. Iye ankayendabe ndi nkhani yakale. M'bale wina pambuyo pa Taraweeh anati amawerengera pa mwezi, ndiye ukachulukitsa sabata ino udzachepetsa sabata yamawa. Si zoona: malirewo ndi a sabata iliyonse payokha. Ife tomwe tinadzipangira mfundo yachitatu, yakuti popeza sponsor akutimana maola 13, tikungotolera kwina zimene watilanda. Mfundo imeneyi inkamveka yachilungamo kwambiri moti tinaikonda. Koma maola amene bwana woyamba wakumana sasamukira kwa bwana wachiwiri. Tinali ndi foni m'manja, tsamba la boma linali pomwepo, koma sitinalitsegule, chifukwa tinkadziwa chimene likatiuze.

Tinavomera.

Masabata atatu anayenda motere. Lachiwiri mayi amamasula kunyumba cha m'ma 6 koloko, kuswali, kukwera basi. Usiku wonse kutembenuza agogo kuti asatuluke zilonda, kusintha zofunda, kuyankha mabelu. Daku amadyera m'kachipinda ka antchito, tende ziwiri ndi mpunga wotenthetsa mu microwave, khutu lili ku belu. Kuweruka 8 koloko, kufika kunyumba 9 koloko, kugona osakwana maola awiri, kenako kudzuka kukayamba rota ya sponsor ya masana. Malamulo a ntchito kuno amati munthu apume maola 11 pakati pa tsiku la ntchito ndi linzake, ndipo asapitirire maola 48 pa sabata mongoyerekeza pokhapokha atasainira yekha. Mabwana awiriwa sankadziwana, aliyense ankaona rota yake yokha ndipo inkaoneka yabwinobwino. Amene ankaona zonse ziwiri ndi ife.

Lachitatu la sabata yachitatu, mayi anafika kwa gogo wina amene amakhala yekha. Mankhwala ake amakhala m'kabokosi kogawidwa m'tizipinda, tsiku lililonse m'mawa, masana, madzulo ndi pogona. Mayi anatsegula kachipinda, kuika mapiritsi m'kambale, kutunga madzi. Gogoyo anayang'ana m'kambalemo nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, awa ndi ogonera. Dzuwa likadali pamutu." Anali mapiritsi a usiku. Gogo akanakhala wa matenda oiwala, ngati ambiri amene timawasamalira, akanameza. Mayi anabweza mapiritsiwo, kupereka oyenera, kulemba zimene zachitika monga mwa lamulo la ntchito, kenako anakakhala pa siteji ya basi miyendo ikunjenjemera.

Tisanamizire swaumu. Zaka zonsezi takhala tikusala tikugwira ntchito, ndipo sizinachitikepo zotere. Chimene chinatsegula kachipinda kolakwika ndi tulo, ndipo tulo timeneto tinachita kutigulitsa tokha.

Masiku omwewo, titalowa m'khumi lomaliza, payslip ya ku nyumba ya okalamba inafika. Tinaitsegula pa foni tonse awiri. Maola anali atalembedwa sabata ndi sabata: 24, 24, 24. Pamwamba dzina la mayi, nambala ya National Insurance, ndi tax code ya BR, imene imasonyeza kuti iyi ndi ntchito yachiwiri ndipo paundi iliyonse ikudulidwa msonkho wa 20 peresenti. Bwana aliyense kuno amatumiza ku HMRC malipiro a wantchito nthawi iliyonse imene walipira, ndipo a Home Office akhoza kuona zimene zili ku HMRC. Chimene ife tinkachiyesa chinsinsi cha patebulo lathu chinali chitalembedwa kale m'mabuku a boma.

Bambo anatenga cholembera. Malipiro nthawi imeneyo anali £11.44 pa ola. Maola anayi owonjezera ndi £45.76. Masabata atatu ndi £137.28, ndipo msonkho ukachoka zimatsala pafupifupi £110. Tinayang'ana nambala imeneyo osayankhula. Kuphwanya malamulo a visa kukhoza kuchititsa kuti visa ithetsedwe kapena ikanidwe pokaiwonjezera. Ndiye kuti sukulu ya ana, ngongole ya amalume, thandizo la amayi la mwezi ndi mwezi, zaka zonse zimene tawerengera kuti tidzapeze chilolezo chokhazikika, zonsezo tinaziika pa msika pa mtengo wa £110. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ife tinali titavumbwa kale tisanamve n'komwe kuti mvula yayamba.

M'mawa mwake mayi anakauza woyang'anira uja kuti Lachiwiri sabweranso. Iye sanakwiye. Anatseka chitseko n'kunena motsitsa mawu kuti pali njira. Amuna anu ali pa visa ya wotsatira, alibe malire. Tiwalembe ngati wantchito wathu, usiku wa Lachiwiri uzilembedwa m'dzina lawo, ndalama izilowa ku akaunti yawo, koma wobwera muzikhala inu. Kapena tizikupatsani pamanja.

Tikanakonda kukuuzani kuti tinakana pomwepo. Ayi. Tinagona nayo nkhaniyo masiku awiri, ndipo usiku woyamba inkaoneka yanzeru. Chimene chinatibweza ndi kuganizira mmene zikanachitikira kwenikweni. Ntchito yosamalira anthu ndi ya zolembalemba. Ukamutembenuza gogo 2 koloko usiku umalemba ndi kusaina. Ukapereka mankhwala umasaina. Ndiye kuti usiku uliwonse mayi akanasaina dzina la munthu amene sanasambitsepo nkhalamba chibadwire, amene sanaphunzire kunyamula wodwala. Tsiku limene gogo wina akanagwa usiku, mabuku akananena kuti anali m'manja mwa bambo, bambo ali kunyumba akuwotcha tiyi wa ana. Maola anayi aja anali kulakwa. Ichi chikanakhala bodza lokonza, lobwerezedwa sabata iliyonse. Ndipo ndalama yake ndi imene tikanatumiza ku Machinga kuti amayi amasulire swaumu yawo. Titafika pamenepo, mayi anati, "Bambo, amayi amasulire phala lomwelo, kusiyana n'kuti amasulire bodza lathu." Nkhani inathera pomwepo.

Eid itadutsa tinachita chimene tinayenera kuchita poyamba: tinakaonana ndi mlangizi wa za visa wovomerezeka. Kuno si aliyense amaloledwa kulangiza za immigration. Ayenera kukhala loya kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC. M'bale wa pambuyo pa Taraweeh, ngakhale ali ndi mtima wabwino, sali m'kaundula ameneyo. Mlangiziyo sanatilonjeze kanthu. Anati tachita bwino kusiya, tisunge ma payslip ndi ma rota onse, ndipo tisadzayerekeze kunama pa fomu iliyonse, chifukwa bodza pa fomu ndi mlandu wolemera kuposa maolawo.

Anatiuzanso zinthu zimene tikanazidziwa kale sitikanavutika. Maola owonjezera kwa sponsor wako yemweyo salowa m'malire a 20 aja, ndiye khomo loyamba kugogoda ndi la bwana wako. Ngati ukufunadi kugwira maola oposa 20 kwa bwana wachiwiri, njira ilipo: bwanayo akhale ndi chiphaso cha sponsor, akupatse CoS yakeyake, upemphe ku Home Office kuti visa yako ikhale ya ntchito ziwiri, ndipo usayambe maola owonjezerawo asanakuyankhe. Tinakafunsa ku nyumba ya okalamba ija ngati angatipatse CoS. Anati ayi. Munthu amene anali wokonzeka kulemba dzina labodza sanali wokonzeka kulemba chikalata choona. Pamenepo tinamvetsa kuti njira yake ija inali yothandiza rota yake, ndipo tsiku loipa likanafika wosenza katundu tikanakhala ife. Mabwana nawonso amalipitsidwa chindapusa chofika £45,000 pa wantchito mmodzi akapezeka koyamba, koma bwana akalipira amatsala m'dziko lake. Wokwera ndege ndi iwe.

Dziwaninso kuti malamulowa sakhazikika. Pa 4 April 2024 anasintha mitundu ya ntchito zowonjezera zololedwa. Pa 22 July 2025 anasinthanso, kukweza mlingo wa ntchito za Skilled Worker ndi kutseka khomo lolemba osamalira okalamba kuchokera kunja, moti zimene zikuloledwa kwa munthu amene anabwera mu 2023 sizifanana nthawi zonse ndi za wobwera pambuyo pake. Mnzako akhoza kukuuza zoona za visa yake zimene zili zabodza pa visa yako. Tsegula tsamba la GOV.UK wekha, tenga nambala ya ntchito imene ili pa CoS yako ndi ya ntchito yachiwiriyo, uwerenge.

Chovuta kuposa zonse chinali foni ya kumudzi. Zaka ziwiri tinali titawazoloweretsa abale kuti ku UK ndalama imangofunika kuigwirira, ukafuna yambiri umangowonjezera maola. Sitinawauzepo za rota yoonda, za malire a maola, za masiku 60. Tinkaopa kuoneka olephera. Tsiku limenelo tinawauza zonse, ndi kuti ndalama ya Eid ichepa. Achimwene anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, tamva," mwa mawu amene aliyense wa ife amawadziwa tanthauzo lake. Zinatenga miyezi kuti tiyambenso kuchezerana bwino. Amayi anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga gogo wa mankhwala uja ali bwanji?" Titawauza kuti ali bwino, anati, "Ndiye muzigona, ana inu. Munthu wosagona asamagwire mankhwala a mayi wa mwini."

Lero zinthu zili chonchi. Tinalemba kalata kwa sponsor, mwaulemu, kukumbutsa maola a pa CoS, ndipo tinasunga kope lake. Maola anakwerako, ngakhale si sabata zonse amakwana. Ntchito yachiwiri tinasintha malo. Mayi amagwira usiku umodzi wa maola 12 ndi shifiti yaifupi ya maola asanu ndi limodzi, zonse pamodzi 18, ndipo maola awiri otsalawo timawasiya dala, chifukwa wokulandira ntchito akachedwa m'mawa mphindi zimawerengedwa. Pa chitseko cha firiji pali pepala limene timalembapo maola a sabata iliyonse, Lolemba mpaka Lamulungu. Ramadhan ino foni ija yaliranso kawiri, kufuna munthu wa usiku wowonjezera. Amene anapita kukafuna maola ena ndi bambo, amene visa yawo imalola.

Visa yathu ikutha chaka chino, ndipo tikukonzekera kukapempha kuti iwonjezedwe. M'kabati muli envulopu ya zikalata, ndipo mkati mwake muli payslip ija ya 24, 24, 24. Sitinaitaye, ndipo tikafunsidwa tidzanena mmene zinalili. Mwana wathu wamkulu wayamba sekondale kuno, wamng'ono Chichewa chake chayamba kupindika. Tikamawayang'ana akudya futari sadziwa kuti tsogolo lawo linagwedezeka chifukwa cha maola 12 a mwezi umodzi.

M'bale, mlongo, ngati foni yotere yakupeza sabata ino ndipo kumudzi akudikira, sitikuweruza, chifukwa njala ya amayi ako timaidziwa kulemera kwake. Tikungopempha kuti usanayankhe, tenga cholembera, uwerengere maola a sabata imeneyo, kenako uwerengere ndalama ya maola opitirirawo, uione ndi maso ako ili papepala. Ndipo abale a kumudzi, mwana wanu akakuuzani kuti mwezi uno zachepa, musafulumire kunena kuti watiiwala. Mwina wakana shifiti kuti chaka chamawa adzathe kutumizanso.

Mutikumbukire m'ma dua anu m'masiku otsalawa, makamaka nthawi yomasula. Allah atilandire kusala kwathu, atikhululukire pamene tinaterereka, ndipo aike madalitso m'zochepa zimene tapeza mwa njira yoyera. Ameen.

Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakaatuh.